Kalata kwa Pulezidenti Cyril Ramaphosa, kuchokera kwa Mmalawi wa ku Joni

Olemekezeka a Pulezidenti,

Ndikulemba chifukwa kudandaula kwa khansala ndi kupolisi kwandikwana. Konseko amangoti tamva.

Mkazi wanga anadzuka mbandakucha kupita ndi mwana kusikelo kuti akabayitse katemera. Pageti la kiliniki anapeza anthu ovala masikipa, si adokotala, si apolisi, akuitanitsa ziphaso. Anatulutsa pasipoti yake yokhala ndi chilolezo. Mmodzi anangoona chikuto n'kumuuza kuti atuluke pamzere. Koma chimene chimamuliza mpaka lero si anthu amenewo. Ndi amayi anzake a pamzerepo amene anaomba m'manja. Pamzerepo panalinso neba wathu, amene timabwerekana mchere, amene mwana wake amadya nsima pakhomo pathu. Iye sanaombe, koma anangozyolika. Mwana wathu anabwerera kumbuyo kwa mayi ake osabayidwa.

Sindikunena kuti anthu anu savutika. Mizere ndi yaitali, ntchito kulibe, nanenso ndimaona. Koma taonani kumene mkwiyowo aulozetsa. Operation Dudula inayamba ku Soweto mu 2021 ngati gulu la mumsewu lothamangitsa anthu ochokera kumayiko ena, mu 2023 inalembetsa kukhala chipani. A Gayton McKenzie, mtsogoleri wa chipani cha Patriotic Alliance, anachita kampeni ndi mfuu ya "Abahambe", kutanthauza kuti alendo azipita, ndipo mu 2024 anakhala nduna m'boma lanu. Anthu aphunzirapo kuti kutukwana mlendo kumabweretsa mavoti, ndiye aliyense akuthamangirako. M'taxi tsopano timazimitsa foni poopa kuyankha m'Chichewa.

Bwana, inu munatsogolera bungwe la ogwira ntchito m'migodi la NUM. Mukudziwa kuti agogo athu anabwera ndi Wenela n'kusiya mapapo awo pansi pa nthaka ya dziko lino. Sitinayambe dzulo kubwera kuno.

Malonjezo tinawamva. Mu 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi alendo, akuluakulu anati sizidzachitikanso. Mu 2015 boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake othawa ku Durban. Mu 2019 munakhazikitsa ndondomeko yothana ndi tsankho ndi kudana ndi alendo. Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe ataphedwa ku Diepsloot mu 2022, inu nomwe munadzudzula zoimitsa anthu mumsewu n'kumawafunsa ziphaso, munati zikukumbutsa nthawi ya apartheid. Nanga pageti la chipatala ndiye zololedwa?

Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lanu limati aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo. Mu Novembala 2025 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti a Dudula alibe mphamvu zoitanitsa ziphaso kapena kutsekereza anthu kuchipatala.

Chonde lamulani apolisi kuti aziima pamageti a makiliniki kuyambira m'mawa, ndipo wotsekereza odwala azimangidwa pomwepo. Amene alibe mapepala, ntchitoyo ndi ya Home Affairs, unduna woona zolowa ndi kutuluka m'dziko. Khadi la mwana wanga lili ndi tsiku lina la katemera mwezi wamawa, ndipo mayi ake akukana kupitanso okha.

Ine wanu,
Mmalawi wokhala ku Johannesburg