Kodi chifundo changa chikuwononga ntchito?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito pakampani ina yopikulitsa katundu. Miyezi 8 yapitayo anandikweza kukhala woyang'anira anzanga 9 a kosungira katundu. Pamene ndikulemba pano, m'dirowa ya tebulo langa muli kalata yochenjeza munthu. Andiuza kuti ndiipereke lisanafike Lachisanu, koma dzanja likundilemera.

Bwana amene ndinalowa m'malo mwawo anali olusa. Ukaphonya kuwerenga makatoni ankakukalipira pamaso pa madalaivala ndi makasitomala, mpaka malovu kuthothokera pamapepala. Tonse tinaphunzira kubisa. Ineyo ndinabisapo risiti yolakwika milungu itatu, tulo osapeza. Choncho tsiku limene ndinakhala pampandowu ndinalumbira chamumtima kuti palibe adzanjenjemere pondiona.

Ndipo zinathandiza, sindinganame. Mwezi wachiwiri mnyamata wina anabwera atagwira invoisi, milomo ili gwa, n'kundiuza kuti watumiza katundu kwa kasitomala wolakwika. Ndinamukhazika pansi, tinaimbira dalaivala, galimoto inabwerera isanatsitse kanthu. Kale zimenezi tikanazidziwa pakutha pa mwezi. Kumaphunziro ena amene anatitumizako, mphunzitsi anatchula Amy Edmondson wa ku Harvard, amene m'zaka za m'ma 1990 anafufuza magulu a ogwira ntchito m'zipatala. Anapeza kuti magulu ogwirizana bwino ndiwo ankaoneka ndi zolakwa zambiri m'kaundula, osati chifukwa cholakwitsa kuposa anzawo, koma chifukwa sankaopa kuulula. Nditamva zimenezo ndinati eya, njira yanga ndi yomweyi.

Vuto langa ndi bambo ena achikulire a m'gulu langali. Ndi iwo amene anandiphunzitsa ntchito nditangolowa kumene, ndisakudziwa ngakhale kudzaza khadi la sitoko. Ndikalakwitsa ankandikonzera mwakachetechete bwana uja asanaone. Chaka chino akazi awo anadwala kwambiri, ndiye ndinawalola kuti azifika mochedwa ndi kuweruka msanga. Sindinalembe paliponse, tinangogwirizana pakamwa, ndipo apa ndikuvomera kuti ndinalakwa. Mayiwo anachira miyezi itatu yapitayo, tinathokoza nawo Mulungu. Koma bambowa akufikabe cha m'ma 10 koloko pamene ntchito imayamba 7:30. Akalowa amandimwetulira n'kunena kuti, "Mwana wanga, wadzuka bwanji?" Ine mawu onse amene ndinakonza usiku amangosungunuka.

Magalimoto a m'mawa amapakiridwa ndi amene alipo. Sabata yatha mtsikana wina, amene sachedwa n'kamodzi komwe, anayankhula chapansipansi akukoka trole, koma mofuna kuti ndimve: "Kaya ife tidwazike ndani kuti tizigona." Mawu amenewo akundilasabe. Ndinazindikira kuti chifundo chimene ndimachitira munthu mmodzi akulipira ndi misana ya anthu 8.

Abwana anga aakulu anandiitana. Anati ndine wofewa, antchito andikwera pamutu, ndipo anandikumbutsa kuti chifundo chinapha nkhwali. Akuti mtsogoleri aziopedwa kaye, kukondedwa kuzibwera pambuyo. Apa ndiye sindigwirizana nawo, chifukwa utsogoleri wa mantha ndinaulawa ndipo ndikudziwa zimene umabala. Koma pa nkhani ya bambowa ndinasowa choyankha.

Amuna anga akuti nditengere Nelson Mandela. Anakhala m'ndende zaka 27, koma atakhala pulezidenti mu 1994 sanabwezere. Mu 1995 anapita ku Orania, tauni ya azungu okhaokha ku South Africa, kukacheza ndi Betsie Verwoerd, mkazi wamasiye wa mmodzi mwa amene anakhazikitsa tsankho, ndipo chaka chomwecho anaitana Percy Yutar, loya wa boma amene anamuzenga mlandu wa Rivonia (umene khoti linamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse), kudzadya naye. Komatu munthu yemweyo mu 1985 anakana pamene P.W. Botha, pulezidenti wa dzikolo nthawi imeneyo, anafuna kumutulutsa m'ndende momuikira malire. Akuti mtima wabwino ndi msana wolimba zimakhala m'thupi limodzi. M'mutu ndikumva, Azakhali. Kungoti amuna angawo sadzakhalapo pamene ndizidzayang'ana m'maso munthu amene anandigwira dzanja pantchito, wa msinkhu wa bambo anga ondibereka, n'kumupatsa envelopu.

Chinanso chikundiopsa. Kalata imeneyi ikalowa m'failo mwawo, ndipo atsala zaka zochepa kuti apume pantchito. Mwinanso pali china chimene akubisa, kaya ngongole za matenda aja, kaya iwonso sakupeza bwino m'thupi. Sindinawafunsepo, ndimaopa kuoneka wamwano. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati kukhala chete kwangaku n'kukoma mtima kapena ndi mantha chabe ofuna kuti aliyense azindikonda.

Ndithandizeni. Kodi ndipemphe abwana andipatse milungu iwiri kuti ndikhale nawo pansi bambowa tisanafike pa kalata, kapena nthawi imeneyo ndinaitaya kale? Ndikakhala nawo pansi, ndiyambe ndi mawu ati oti ulemu ukhalepo koma amve kuti sizocheza? Nanga anzanga 8 aja, ndiwapepese poyera kapena akangoona kusintha n'kokwanira?

Ine wothedwa nzeru,
Mayi woyang'anira antchito