Kwa a kampani yonyamula katundu ku Tete: phiri la ku Songo silinamere usiku

Abwana, eni ake kampani yonyamula katundu wa anthu osamuka, moni.

Ndakuimbirani foni kasanu ndi kawiri, osayankha. Mauthenga anga pa WhatsApp mukuwerenga, timizere tija tikuoneka kuti tasanduka tabuluu, koma chete. Mwana wanga wafika kawiri ku ofesi kwanu ku Tete, kawiri konse amuuza kuti abwana ali pa ulendo. Ndiye ndati ndilembe pano poyera, pomwe mumaikapo zithunzi za malole anu otsukidwa bwino aja, kapena pano mundimva. Dzina la dalaivala wanu sinditchula, ali ndi ana oti adye. Inu mukundidziwa: ndine mphunzitsi uja munandisamutsa kuchokera ku Songo kubwerera kwathu ku Angónia, dera la Domwe, masabata atatu apitawo.

Tiyambire pomwe tinayambira. Nditapuma pa ntchito ndinakufunsani mtengo, ndipo munachita bwino kutumiza munthu wanu kudzaona katundu ndi maso. Munthuyo sanatsike kumwamba ngati mvula. Anachokera ku Tete, kukhota pa Matambo, kudutsa Chitima, n'kukwera msewu wokhotakhota uja mpaka pamwamba pa Songo, ulendo wa makilomita pafupifupi 150. Atafika pathu anakwera masitepe 26 ochokera pamsewu kufika pakhonde, anapumira kawiri, amayi akunyumba anamupatsa madzi. Anayeza kabati, anawerenga mabedi, anaona firiji, mipando, makatoni a mabuku ndi makina osokera. Ndinamuuza momveka kuti kumudzi nyumba ili makilomita anayi kuchokera pamsewu waukulu, njira yake ndi yafumbi, yokwera, ndipo pali kamlatho kamatabwa. Ndinamuonetsa ngakhale kanema amene mphwanga anajambula pa foni akuyenda njirayo pa njinga yamoto. Madzulo ake munanditumizira uthenga, ndikadali nawo: mameticais 48,000, zonse zili momwemo. Mawu oti "zonse" ndi anu, si anga. Ndinatumiza theka pa M-Pesa tsiku lomwelo, 24,000.

Tsiku losamuka tinagwirizana 6 koloko m'mawa. Ife tinadzuka kusanache, tinamasula mabedi, tinatulutsa zonse pakhonde, tinatsanzikana ndi anansi, misozi n'kugwa. Lole inafika 2 koloko masana. Anansi aja tinatsanzikana nawo katatu, mpaka zinayamba kuchititsa manyazi.

Katundu atakwera theka, dalaivala anandiitanira kuseri kwa lole. Akuti masitepe ndi ambiri, ndiwonjezere 3,500. Ndinati kodi masitepewa achuluka liti? Nyumba zambiri za ku Songo zinamangidwa pamtsetse, tauniyo inakula chifukwa cha ntchito ya damu la Cahora Bassa imene inayamba mu 1969, ndipo masitepe a nyumba imene ndinkakhalayo ndi akale kuposa kampani yanu. Iye anangoti ndi lamulo la ku ofesi. Ndinalipira. Katundu yense atakwera, zingwe atamanga, anabweranso: 5,000 ya phiri. Akuti kutsika Songo ndi lole yodzaza kumadya mabuleki.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa sindikufuna muganize kuti ndine nkhalamba yosadziwa kuti galimoto imadya ndalama. Ndakhala ku Songo zaka 19. Msewu umenewo ndaukwera ndi kuutsika pa chapa, minibasi zathu zija, kosawerengeka, ndamvapo fungo la mabuleki akupsa, ndaonapo malole ataima pakona injini ikuwira. Ndikudziwa kuti lole yolemera imatsika pa giya yaing'ono, pang'onopang'ono ngati kamba, ndipo pokwera imamwa dizilo kuposa pachigwa. Ndikudziwanso kuti mnyamata wosenza firiji pa masitepe 26 sangalipidwe mofanana ndi amene akungoikankhira pakhomo la nyumba ya pansi ku Matundo, mu mzinda wa Tete. Zonsezi ndi zoona, ndipo sindikanakana kuzilipira. Chimene ndikukana ndi nthawi imene munasankha kundiuza. Phiri lija linalipo tsiku limene munthu wanu anabwera. Alendo amene amabwera kudzaona damu ndi kudzawedza nsomba m'nyanjamo amalidziwa asanafike n'komwe, ndiye inu a ku Tete konkuno lingakudzidzimutseni? Mukanandiuza poyamba kuti bambo, chifukwa cha phiri ndi masitepe mtengo ndi 60,000, ndikanakhala pansi ndi amayi, tikanawerenga ndalama zathu za penshoni, mwina tikanagulitsa kabati ndi mipando konkuja n'kunyamula zochepa, mwina tikanafunsanso kwina. Munadikira kuti moyo wanga wonse ukhale pamwamba pa lole yanu, womangidwa ndi zingwe zanu, makiyi a nyumba nditabweza kale. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munadziwa kuti sindingalimbane nanu popanda kuswa mkhate wanga womwe.

Tinatsika phiri dzuwa likupendeka. Pofika ku Tete kunali kutada. Pa mlatho wa Kassuende, umene malole olemera amawolokera Zambezi chiutsegulire mu 2014, dalaivala anatembenuka n'kunena kuti za portagem, ndalama yolipira powoloka mlatho, ndi zanga, ndimupatse 2,000. Portagem imalipidwa, palibe amene sadziwa, ndipo pawindo paja amapereka kapepala. Ndinapempha kapepalako kuti ndione mtengo weniweni wa lole ya msinkhu umenewo. Akuti kauluka ndi mphepo. Mpaka lero sindikudziwa kuti pa 2,000 ija zingati zinalowa pawindo, zingati zinalowa m'thumba.

Ku Moatize anaimitsa galimoto, akuti usiku sayenda. Chimenecho ndinagwirizana nacho, msewu wa N7 usiku ndi malole akuluakulu opita ku Zóbuè si wosewera nawo. Koma malo ogona a iye ndi anyamata ake ndi chakudya chawo, 2,500, anati ndilipire ine. Kodi amene anachedwa maola asanu ndi atatu ndani? Tikananyamuka m'mawa monga tinapanganira, ulendo wonse wa makilomita pafupifupi 400 tikanaumaliza tsiku lomwelo, ngakhale mochedwa. Ine ndi amayi, anthu akuluakulu, tinagona chokhala kutsogolo kwa lole, kulondera katundu wathu, udzudzu ukutiimbira nyimbo.

Kutacha tinakhota pa Mussacama n'kuyamba kukwera chitunda cha kwathu. Amene anayendapo akudziwa mmene mtima umachitira mphepo yozizira ikayamba kulowa pawindo, minda ya chimanga ndi ya mbatata ya kachewere ikayamba kuoneka, kutentha kwa ku Tete kutatsala m'mbuyo. Ndinali nditayamba kukukhululukirani. Tinadutsa Ulongwe, phiri la Domwe likuoneka patsogolo, lalitali kupitirira mamita 2,000, ndipo ndinauza amayi kuti basi tafika, zapita zapita.

Pamphambano yolowera kwathu dalaivala anazimitsa injini. Akuti lole yake silowa njira yafumbi. Njira yomwe ija ya mu kanema. Mwezi wa Juni, kunja kuli gwaa, mvula inasiya kalekale, matope kulibe, ndipo malole ogula chimanga ndi soya amalowa njira imeneyo chaka chilichonse mpaka kuseri kwa mudzi wathu. Anatsika, anayang'ana kamlatho ali patali, osafikapo n'komwe, n'kupukusa mutu. Katundu wanga anamutsitsira pambali pa msewu ngati wa munthu wothamangitsidwa pa lendi. Anthu odutsa ankaima n'kumaonerera matiresi a aphunzitsi. Akanapanda abale anga ndi anansi kubwera ndi ngolo zitatu za ng'ombe, tikanagona pomwepo ndi chisanu cha ku Angónia chija. Ngolo zinayenda maulendo awiriawiri, ndinawathokoza eni ake ndi 3,000, ndipo ng'ombe sizinafunse ndalama ya phiri.

Asanatsitse katundu womaliza, dalaivala anakuimbirani inu, n'kundipatsa foni. Mawu anu ndinawamva ndekha, choncho musadzanene kuti zinali za dalaivala. Munati nditsirize 24,000 yotsala, ndiwonjezerenso 8,000 chifukwa lole ibwerera ku Tete yopanda kanthu. Ndinalipira, manja akunjenjemera. Tsiku lotsatira mphwanga anapita ku Ulongwe kukagula misomali, n'kuipeza lole yanu yomweyo, nambala yake yomweyo, ikupakira matumba a mbatata. Anaijambula. Abwana, ife a kuno tikudziwa mmene malonda amenewa amayendera: galimoto yotsika kuchokera ku Angónia kapena ku Tsangano nyengo ino siyenda yopanda kanthu, mbatata, kabichi, nyemba ndi tomato zimadikira galimoto, osati galimoto kudikira katundu. Ulendo umodzi munadya kawiri, kwa ine ndi kwa mwini mbatata. Kupeza katundu wobwerera naye si mlandu, ndi nzeru za malonda. Mlandu ndi kundilipiritsa mphepo imene simunanyamule.

Tiwerenge pamodzi. 3,500 ya masitepe, 5,000 ya phiri, 2,000 ya portagem, 2,500 ya ku Moatize, 8,000 yobwerera: zonse 21,000 pamwamba pa 48,000 ya "zonse zili momwemo". Ndakupatsani 69,000, kupatula za ngolo. Palibe ngakhale kapepala kamodzi kochokera kwa inu.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si ndalamazo. Ndi makina osokera a amayi. Titafika kunyumba n'kuwerenga katundu, makina kulibe. Nditaimba, ulendo womaliza umene munandiyankha, munati makina ali ku ofesi, mwawasunga mpaka nditalipira IVA, msonkho wa boma wa pa malonda, 7,680. Masamu ake ndawaona, ndi 16 peresenti ya 48,000, ndipo ndikudziwa kuti IVA m'dziko muno ili pa 16 peresenti kuyambira mu 2023. Msonkho wa boma sindiukana, ndaphunzitsa ana a anthu zaka zonsezi ndi malipiro ochokera ku misonkho yomweyo. Koma IVA imayenda ndi fatura, lisiti yokhala ndi dzina la kampani, nambala yake ya msonkho (NUIT), ntchito imene yagwiridwa ndi mtengo wake. Ndinakupemphani fatura, munati ibwera. Nanga bwanji IVA yanuyo mwaiwerengera pa 48,000 yokha, 21,000 ija osaikhudza? Kapena ndalama imeneyo m'mabuku mwanu mulibe? Ndipo ndi lamulo liti limene limakulolani kubisa katundu wa munthu pansi pa tenti n'kubwerera naye makilomita oposa 200 osamuuza?

Makina amenewo amayi anawagula ndi ndalama za mandasi tisanakhale ndi mwana wachiwiri. Asokera mayunifolomu a ana a theka la dera lathu ku Songo. Pobwera kuno anali atalonjeza kale amayi a kumpingo kuti awasokera malaya a kwaya. Tsopano m'mawa uliwonse amasesa pakona pamene anakonza kuti makinawo akhale, n'kuikapo mpando wopanda ntchito. Akandifunsa kuti abambo, ayankha? ine ndimasowa poyang'ana.

Za galasi la kabati limene linasweka ndi mwendo wa tebulo umene unathyoka sindikulipiritsani, ngakhale munthu wanu ananena kuti katundu amakulungidwa m'mabulangete ndipo ine bulangete sindinalione ngakhale limodzi. Za inshuwalansi ndinafunsa tsiku loyamba, anati musadandaule madala, ndipo kulakwa kwanga n'kwakuti ndinasiyadi kudandaula osapempha pepala. Anyamata anu atatu aja ndilibe nawo mawu. Anasenza firiji pamsana masitepe onse aja osadandaula, wamng'ono uja anachita kupepesa kwa amayi pamphambano paja pamene bwana wake anakana kulowa. Nditawafunsa ngati 3,500 ya masitepe ifika kwa iwo, anangoyang'anana n'kuseka. Kuseka kumeneko ndinakumva bwino.

Ena mwa inu amene mukuwerenga mundiuza kuti ndikanangopeza lole ya mbatata yobwerera kumtunda, n'kugwirizana ndi mwini wake pamaso. Mwina. Ndinasankha kampani chifukwa ndinkafuna mtendere, ndimati pamene pali ofesi ndi chikwangwani pali chilungamo. Amene mukukonzeka kusamuka m'malo a mapiri ngati amenewa, musalole mawu oti "zonse". Awuzeni alembe chimodzichimodzi, masitepe, portagem, kugona panjira, ulendo wobwerera, IVA, ndiponso kuti lole ikaima pakhomo penipeni kapena pamsewu, asayine, ndipo ndalama yomaliza muipereke katundu yense atalowa m'nyumba mutamuwerenga.

Kwa inu abwana, zimene ndikufuna ndi izi. Makina a amayi afike pakhomo pathu ku Domwe, pa mtengo wanu, ali bwinobwino ndi chopondera chake. Mundipatse fatura ya ndalama zonse zimene mwalandira, ndipo IVA yolembedwa pa fatura imeneyo ndidzalipira tsiku lomwelo. Mundibwezere 8,000 ya ulendo wopanda kanthu umene unali wodzaza mbatata, ndi 2,500 ya kuchedwa kwanu. Ya phiri ndi ya masitepe isungeni, koma anyamata aja alandirepo gawo lawo.

Ndikudikirani mpaka Lachisanu likudzali. Likadutsa, Lolemba m'mawa ndikwera chapa cha ku Tete ndi mauthenga onse a pa WhatsApp, maumboni a M-Pesa ndi chithunzi cha lole ija. Ndikayambira ku ofesi ya boma yoyendera malonda, chifukwa lamulo loteteza ogula, nambala 22 la chaka cha 2009, lilipo ndipo ndaliwerenga, kenako ku polisi pa nkhani ya makina. Nambala yanga muli nayo, ndi yomwe ija munalandirirapo 24,000 yoyamba.