Chingelezi cha pa AGM chikutidyera ndalama tikuona

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhulepo za Chingelezi chomwe chimayankhulidwa m'misonkhano yapachaka (ma AGM) ya ma SACCO, makopaletivi komanso makampani omwe tinagulamo masheya. Ichi si Chingelezi chomwe tinalemba pa MSCE chija ayi, ndi china, moti olo munthu woti anakhoza bwinobwino folomu 4 amangokhala duu, kenako wangomva m'manja phwaphwaphwa, nkhani yadutsa.

Choopsa nchakuti mau ena amapusitsa. Odita, yemwe amafufuza mabuku a ndalama, akaimirira nkunena kuti wapereka qualified opinion anthu timasekerera, pajatu kwathu kuno munthu akakhala kolifayidi ndiye kuti ndi wamapepala ake. Koma apa odita akunena kuti pali zina m'mabukumo zomwe sizinamukhutiritse, mwina malisiti sanawaone, mwina ngongole zina sizinalembedwe moyenera. Lipoti loyera ndi lomwe amati unqualified. Ndiye taganizani, mamembala holo yonse kuombera m'manja uthenga woti ndalama zawo sizikuoneka bwino!

Chimodzimodzinso write off. Msungichuma amangowerenga mothamanga kuti ngongole zakutizakuti tazipanga write off, ife phee, osadziwa kuti akutanthauza kuti azichotsa m'mabuku poti ataya chiyembekezo choti zibwezedwa, ndipo dzenje limenelo limakwiriridwa ndi phindu lomwe likanabwera kwa ife ngati dividendi. Apa mpomwe munthu umayenera kukweza mkono nkufunsa kuti anakongola ndani, chikole chinali chani, nanga omuimira aja ali kuti. Koma ayi, wapampando akangoti tipange adopt ma akaunti, wina kumbuyo wakuwa kale kuti ndasekonda, pepala lake sanalitsegule nkomwe, mtima uli pa mpunga wa lanchi ndi alawansi ya thiransipoti. Mukadzadandaula chaka chamawa adzakuwerengerani maminitsi kuti munavomereza nokha.

Enanso sadziwa kuti anthu akapanda kukwana quorum, chiwerengero chomwe malamulo amafuna, msonkhanowo sungamange mfundo, kapena kuti ka fomu ka proxy kamene kamabwera ndi kalata yoitanira ku AGM ya kampani nkopatsira wina mphamvu yokuvotera. Chiyambire 2020 pomwe Airtel Malawi ndi FDH Bank analowa pa Malawi Stock Exchange, anthu wamba ambiri tili ndi timasheya, koma ndi angati akudziwa kuti ku kampani voti imayendera kuchuluka kwa masheya pomwe ku SACCO membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya anasunga zingati?

Ena aziti kaphunzireni Chingelezi basi. Chabwino, tiphunzira, ndipo ine ndikulimbikitsa achinyamata omwe akulowa ntchito m'maofesi kuti mau awa awagwire. Koma mlimi wa soya wa zaka 60 yemwe ndi mwini wake wa kopaletivi abwerere kusukulu kuti amve za ndalama zake zomwe? Ku banki m'khonde zonse zimakambidwa m'Chichewa, amayi amawerengetsa mpaka tambala yomaliza ndipo amene wachedwa kubweza amatchulidwa dzina pagulu, palibe za kubisala kuseri kwa mau akuluakulu.

Pempho langa lipite kwa a MUSCCO, bungwe lalikulu la ma SACCO, ndi a Reserve Bank omwe amayang'anira ma SACCO: lipoti la pachaka lizibwera ndi tsamba limodzi chabe la Chichewa, kumpoto la Chitumbuka, lofotokoza zomwe odita wapeza, ngongole zomwe zafafanizidwa ndi dividendi. Apampando nawonso azilengeza poyambirira pomwe kuti funso la m'Chichewa ndi lololedwa ndipo liyankhidwa m'Chichewa momwemo, osati kumangoti tiliona pa AOB, gawo la nkhani zina ndi zina kumapeto, nthawi yoti anthu ayamba kale kuthamangira maminibasi.

Inunso akonzi, kadanga kakang'ono sabata iliyonse kofotokoza mau awiri atatu a pamisonkhano sikangakudyereni malo ambiri. Muyambe ndi qualified opinion yemweyo nyengo ya ma AGM isanafike.

Membala wa SACCO,
Mponela