Achimwene, musagule zodulazo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Durban kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Senga Bay tilipo, kungoti mwera watitsekera kumtunda, ngakhale a chilimira angokhala pamchenga kusoka maukonde.

Uthenga wanu ndinauona, woti mukufuna kunditumizira zoikamo ndodo za mbedza zija mwaziona m'sitolo. Zikomo kwambiri, koma musathamangire zodulazo. Ndalamayo mugulire mabawuti a stainless a mamilimita 8, manati ake ndi mawashala akuluakulu, chifukwa zimenezo ndiye zosowa kuno. Choikamo ndodo chenichenicho, paipi ya PVC ya mamilimita 50 imakwana. Timaidula kutalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuchala, kumtunda kwake n'kusema kampata koti mwendo wa reel (chokulungira chingwe chija) ukhalemo, ndodo isamazungulire.

Nkhani yagona pakumangirira. Boti likamayenda likukoka nyambo, ndodo imakhala yopindika ulendo wonse, ndipo ncheni ikadya, mphamvu yonse imathera pomwe paipi yagwirana ndi thabwa. Misomali imazuka, makamaka thabwa likamanyowa n'kumauma tsiku ndi tsiku. Ndiye pamafunika kuboola mpaka kuseri, bawuti idutse, kuseriko pakhale kathabwa kolimba, kenako washala ndi nati. Mabawuti akhale awiri pa paipi iliyonse. Imodzi yokha paipi imagwedera. Pa boti la faiba ndi chimodzimodzi, kungowonjezera silicone m'mabowo kuti madzi asalowe.

Ine ndikufuna zinayi basi. Ziwiri kumakona akumbuyo, zoloza kumbuyo komweko koma zopendekera kunja pang'ono kuti chingwe chisakumane ndi injini. Zimenezi zidzakoka zingwe zazifupi zokhala ndi mtovu, chifukwa dzuwa likakwera ncheni imatsika pansi. Ziwiri zinazo chakutsogolo, ina uku ina uku, zotambasukira kunja ndithu, zokoka zingwe zazitali. Zingwe zikasiyana kutalika chotere, boti limakhota bwinobwino osapiringizana, bola kukhota motakasuka. Ndipo musanaboole paliponse, muyambe mwakhala pampando wogwirira injini n'kutambasula dzanja. Ndodo yosafikirika muli pamenepo ndi yopanda ntchito, makamaka mukakhala awiri okha m'boti. Ambiri amayang'ana kukongola kwa mzere, amaiwala zimenezi.

Liwiro likhale ngati la munthu woyenda pansi mofulumirirako. Reel musaimange kwambiri, nsomba ikagwira chingwe chizitha kutuluka. Ndodo iliyonse izikhalanso ndi kachingwe kake komangirira kuboti, poti nyanja yathuyi pena imazama mamita pafupifupi 700, chogweramo musachiyembekezere.

Chovuta china ndi matchera a anthu. Mukaona timabotolo tikuyandama, zungulirani patali. Kung'amba ukonde wa mnzako ndi mlandu wa kwa amfumu. Ndipo mukadzabwera tikapita ku Cape Maclear monga munanenera, kumbukirani kuti kuja ndi paki kuyambira 1980: mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa zilumba ndi magombe ake saloleza kuwedza, mbuna zimatetezedwa. Ncheni yathu tikaisakira kunja, komwe imathamangitsa usipa.

Mabawutiwo mupatsire aliyense wobwera pabasi, ndikawalandira ku Lilongwe. Mukapezanso timbedza tonyezimira ngati usipa, muponyemo tingapo. Mupereke moni kwa alamu, mayi akuti ana aja muziwayankhulitsa Chichewa.

Ndine mnzanu,
wa ku Senga Bay