Njira ya PRF ndi yotchipa, koma ikufuna malamulo isanafalikire

Akonzi,

Tikupempha danga m'nyuzi yanu kuti tifotokozeko njira yogwiritsa ntchito magazi a wodwala iye mwini komanso tizidutswa ta fupa pofulumizitsa kupola kwa bala pambuyo pa opaleshoni. Njirayi ndi yodziwika kwambiri pa ntchito ya mano ndi nsagwada, ndipo popeza dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019 pa sukulu imene tsopano ndi yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, sitikukayika kuti ifalikira kunonso. Nkofunika kuti odwala ndi oyang'anira zaumoyo aidziwe bwino isanayambe kutsatsidwa ngati chozizwitsa.

Njira imene tikunena ndi PRF (platelet-rich fibrin), imene dokotala wa ku Nice m'dziko la France, Joseph Choukroun, anaifalitsa cha m'ma 2001. Inabwera pambuyo pa njira ina yofanana nayo yotchedwa PRP (platelet-rich plasma), yomwe Robert Marx wa ku America anailemba mu 1998. PRP imafuna mankhwala oletsa magazi kuundana, kuwazungulitsa kawiri, kenako mankhwala ena owaunditsa. PRF safuna chilichonse chothiramo, ndipo nchifukwa chake ikuyenera zipatala zathu.

Kapangidwe kake ndi aka. Magazi amatengedwa pamtsempha wa pamkono n'kuikidwa m'machubu a galasi a mamililita 10 opanda mankhwala. Machubuwo amalowa nthawi yomweyo m'makina ozungulitsa otchedwa centrifuge, kwa mphindi 12 pa liwiro la 2,700 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi imodzi), kapena mphindi 10 pa 3,000 rpm. Akatuluka, magazi amakhala atagawika patatu: madzi achikasu pamwamba, maselo ofiira pansi, ndipo pakati pali chinthu chachikasu chonanda. Chimenechi ndiye PRF, ulusi wa magazi oundana wotchedwa fibrin umene wakola ma platelet (timaselo tothandiza magazi kuundana) ndi maselo oyera. Dokotala amachitulutsa ndi chopanira, n'kuchifinya pang'onopang'ono mpaka chitakhala kansalu kokhuthala pafupifupi milimita imodzi, kapena kuchipinda n'kuchilowetsa m'dzenje la dzino lozulidwa, n'kusoka. Kwa sabata imodzi kapena kuposerapo chimatulutsa zinthu zokopa mitsempha yatsopano ndi maselo omanga mnofu. Chubu chimodzi chimapereka kansalu kamodzi.

Zimalakwika pati? Choyamba ndi kuchedwa. Magazi akangokhudza galasi amayamba kuundana, choncho kuchokera pamkono kufika m'makina pasadutse mphindi ziwiri. Makina akakhala ku labu kutali ndi chipinda cha opaleshoni, chimene chimatuluka ndi kachidutswa kophwanyikaphwanyika kosasokeka. Chachiwiri ndi chubu cholakwika: za chivindikiro chapepo, chobiriwira ndi chabuluu zili ndi mankhwala oletsa kuundana, ndiye mungazungulitse mpaka mawa, simupeza kanthu. Chachitatu, manambala a rpm sangokoperedwa kuchokera m'buku. Mphamvu imene imafika pa magazi imadalira kukula kwa gudumu la makinawo, motero makina awiri osiyana pa 2,700 rpm satulutsa chinthu chofanana. Machubu aziikidwanso moyang'anizana ndi olemera mofanana, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito, magaziwo atayidwe, atengedwe ena. Cholakwa china chofala ndi kudula mbali yofiira yonse pofuna kuti chioneke choyera, chonsecho ma platelet ambiri amakhala pamalire penipenipo pa chachikasu ndi chofiira.

Wodwalayonso ayesedwe. Ma platelet a munthu wathanzi amakhala pakati pa 150,000 ndi 450,000 pa maikulolita (microlitre) imodzi ya magazi, koma malungo amawatsitsa, ndipo amene akumwa mankhwala a warfarin magazi awo amachedwa kuundana. Lamulo losasinthika ndi lakuti PRF ya munthu mmodzi isaikidwe mwa wina. Si magazi oyezedwa ngati a Malawi Blood Transfusion Service, ndiye kusokoneza machubu kungapatsire HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B.

Phindu lake looneka kwambiri lili pa mnofu: usinini umatseka msanga, ululu ndi kutupa zimachepa, ndipo vuto lija la dzenje louma, pamene magazi oundana achoka fupa n'kukhala pamtunda, wodwala n'kubwerera tsiku lachitatu akulira ndi fungo m'kamwa, limachitika mwa apo ndi apo. Koma PRF imasungunuka m'masabata awiri okha. Singasunge malo pamene fupa lalikulu lasowa, ndipo aliyense wokuuzani kuti magazi okha amera fupa pa mpata waukulu akukunamizani.

Apa mpamene pamafunika fupa lenileni. Dzino likazulidwa, fupa la nsagwada pamalopo limatha kuphwa mpaka theka la m'lifupi mwake m'chaka chimodzi, makamaka m'miyezi itatu yoyamba. Fupa labwino koposa ndi la wodwala mwini, lochokera m'chiuno kapena pachibwano, chifukwa limabwera ndi maselo amoyo, ngakhale limasiya bala lachiwiri lopweteka. Pali la anthu opereka, lotsukidwa ndi kuumitsidwa, komanso la ng'ombe ngati Bio-Oss ya ku Switzerland, lomwe achotsa zonse n'kutsala mchere wa fupa wokha. Awiri omalizawa alibe maselo amoyo; ntchito yawo ili ngati mtengo umene timazika kuti nyemba ziyangepo. Timibulu ta fupali tikasakanizidwa ndi PRF yoduladula timamatana, sitimwazika, ndipo pamwamba amavundikirapo kansalu kaja. Pamatenga miyezi 4 mpaka 6 pasanaikidwe dzino lachitsulo.

Fupa loika limakanika pa zifukwa zodziwika: kuliika pamalo pamene padakali mafinya, kulipakira mothina mpaka mitsempha kusowa polowa, ulusi kuthothoka msanga, kugwedezeka, fodya, ndi shuga wosasamalidwa. Ngakhale pa miyendo yothyoka pangozi za kabaza, pamene fupa laphwanyika n'kusiya mpata, njira ya opaleshoni yotchedwa Masquelet imayamba ndi kutsuka bala ndi kutseka mpatawo ndi simenti ya fupa kwa masabata 6 mpaka 8, kenako mpamene amaikamo fupa la m'chiuno. Kuthamangira kuika fupa pamalo oola nkungotaya fupalo.

Pempho lathu likupita ku Medical Council of Malawi ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA: pakhale ndondomeko yolembedwa ya amene angapange PRF, makina ndi machubu ovomerezeka, komanso kaundula wa fupa lililonse lolowa m'dziko muno. Wodwala aziuzidwa m'chinenero chake kumene fupalo lachokera asanasaine, pakuti lina limapangidwa kuchokera ku nkhumba, ndipo Msilamu kapena wa Seventh Day ali ndi ufulu wokana. A Mboni za Yehova afunsidwenso payekhapayekha za magaziwo. Ndipo pokumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana mu 2017, machubu azizungulitsidwa wodwala ndi womudikirira akuona, atauzidwa kuti machubu anayi ndi mamililita 40 okha, pamene wopereka magazi amapereka pafupifupi 450.

Ife anu,
Ena mwa ogwira ntchito ya mano ndi nsagwada,
Lilongwe