Lipoti la msonkhano wa zakuthambo: mpweya wotentha wa m'magulu a milalang'amba

Wapampando, akomiti ndi aphunzitsi anzanga a sayansi,

Ndathokoza kwambiri pondituma. Nkhani zinachuluka, koma gawo limene ndinamvetsera mpaka kumapeto ndi la mpweya wotentha wa pakati pa milalang'amba.

Mlalang'amba ndi khamu lalikulu la nyenyezi zosawerengeka zokhala pamodzi. Milalang'amba yambiri imakhala m'timagulu, monganso wathu uli limodzi ndi Andromeda ndi ina ing'onoing'ono. Pakati pake pamaoneka ngati palibe kanthu, chonsecho m'magulu ambiri muli mpweya wopyapyala wotentha madigiri pafupifupi 10 miliyoni. Maso sauona. Umatulutsa ekisireyi, yomweyo timaidziwa kuchipatala, ndipo mpweya wa dziko lathu umaimeza isanafike pansi. N'chifukwa chake telesikopu zake zili mumlengalenga: Chandra ya bungwe la zakuthambo la ku America la NASA ndi XMM-Newton ya bungwe la ku Ulaya la ESA, zonse zotumizidwa mu 1999. Ekisireyi ikawomba galasi molunjika sibwerera, choncho magalasi ake amaikidwa chopendekeka kuti ingokhudza n'kudumpha, ngati mwala wophwatalala pamadzi.

Chimene chinandigwira mtima ndi chithunzi cha gulu la NGC 5813, limene Chandra inaliyang'ana kopitirira sabata yathunthu. Mu mpweya wowalawo mukuoneka mapanga akuda, awiriawiri, mbali iyi ndi mbali inayo, m'magawo atatu: aang'ono pafupi ndi pakati, ena patsogolo pake, akale kwambiri kutali. Amene anawaboola ndi black hole (chinthu cha mphamvu yokoka yaikulu moti ngakhale kuwala sikuthawamo) ya mumlalang'amba wapakati, imene inaphulitsa mphamvu zake maulendo atatu osiyana. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mpweya ukamawala umataya kutentha, ndiye unayenera kuzizira, kugwera pakati n'kubala nyenyezi zochuluka. Sizichitika motero, chifukwa black hole imautenthetsanso. M'magulu akuluakulu a milalang'amba mazanamazana mphamvu yokoka ndi yaikulu, mpweya suthawa. M'timagulu mphamvuyo ndi yochepa, moti wina umakankhidwira kunja. Kwa ine, amene akufuna kuona dzanja la black hole ayang'ane timagulu timeneti, ngakhale n'tovuta kujambula.

Panali nkhani zodandaulitsanso. Telesikopu ya ku Germany ya eROSITA, imene inapita mu 2019 pa chombo cha Russia, inazimitsidwa mu February 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Komabe zimene inasonkhanitsa pa ulendo woyamba wojambula thambo, theka lake linatulutsidwa mu January 2024, ndipo muli magulu aakulu ndi aang'ono oposa 12,000. Telesikopu ina ya ekisireyi, XRISM ya Japan, ya mu 2023, chitseko chotchinga chipangizo chake cha Resolve sichinatseguke, ndiye ekisireyi yofooka, imene timagulu timatulutsa kwambiri, ikutsekeredwa kunja.

Pempho langa nali. Zimene Chandra ndi XMM-Newton zajambula zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense atenge ulere, kawirikawiri pakatha chaka, ndipo pulogalamu yoonera zithunzizi ya SAOImage DS9 ndi yaulere. Ana athu amaphunzira za ekisireyi pa bolodi basi. Ndikupempha komiti itipatse ola limodzi pa msonkhano wathu ukubwerawu, laputopu imodzi ndi ndalama ya bandulo, kuti titsegule NGC 5813 tonse pamodzi, aliyense apeze yekha mapangawo asanakawaonetse ana a Fomu 4.

Ine mthumwi wanu.