Mbiri ya Anting itikumbutse kulemba malire a matauni athu

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za tauni ina ya ku China yotchedwa Anting, kumene mphwanga ankakhala pamene ankaphunzira ku Shanghai, chifukwa mbiri yake ikukhudza zimene tikuona kuno ku Mchinji.

Anting ili m'boma la Jiading, chakumphepete kwa mzinda wa Shanghai, pamalo athyathyathya odzaza ndi ngalande, m'mbali mwa mtsinje wa Wusong, ndipo munthu akangodutsa malire ake a kumadzulo amakhala walowa ku Kunshan, m'chigawo cha Jiangsu. Boma la Jiading linakhazikitsidwa mu 1218, ndipo pambuyo pake linakhala m'chigawo cha Jiangsu chomwecho mpaka mu 1958, pamene linaperekedwa ku Shanghai. M'chaka chimenecho midzi inasonkhanitsidwa m'magulu olima pamodzi, amene anathetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kenako panabwera fakitale ya galimoto za Volkswagen, minda ya mpunga inayamba kuchepa, ndipo mu 2009 tauni yoyandikana nayo ya Huangdu inaphatikizidwa ku Anting.

Chimene chandigwira mtima si mafakitale ayi, koma kuti kusintha kulikonse kotere kumalembedwa m'mabuku a mbiri ya dera, mwambo umene anthu a ku China ausunga kwa zaka mazana ambiri, kotero kuti mdzukulu angathe kudziwa kuti mudzi wa agogo ake unali pansi pa yani, ndipo unachoka liti.

Kuno kwathu, pa Kamwendo, nyumba zamalata ndi magolosale zikukwawira m'minda chaka ndi chaka. Munda wa mtedza wa malemu agogo anga unkathera pa mtengo wa mango ndi mzere wa nkhadze. Lero mtengowo unadulidwa, pamalopo pali chigayo, ndipo okalamba awiri amene ankadziwa malirewo anatisiya. Mikangano ya malo ikabuka, aliyense amaloza kwake. Ngakhale achinyamata ambiri sadziwa n'komwe kuti boma lathuli linkatchedwa Fort Manning.

Ndikupempha makhonsolo, mafumu ndi aphunzitsi a mbiri kuti akhale pansi ndi okalamba amene atsala, alembe m'Chichewa malire a midzi ndi mmene asinthira, ndipo mabukuwo asungidwe kusukulu ndi kwa amfumu, kumene mlimi wamba angawafikire.

Wowerenga wanu,
Kamwendo, Mchinji